Galu Wodzuma pa Chakudya: Chikwapu Sichichiza Mantha a Njala

Munthu wotsika zitunda za ku Blantyre, akafika pa Thabwa nawoloka mtsinje wa Shire, n'kulunjika kumwera kudzera pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula mpaka kukafika ku Nsanje ndi ku Marka kumalire a dziko, adzaona minda ya nzimbe ndi ya thonje, mapira ndi mchewere, ndi ng'ombe zambirimbiri zikudya m'madambo. Koma chiweto chimene adzachipeza pafupifupi pakhomo lililonse, chitagona pansi pa nkhokwe kapena m'mbali mwa khola pothawa dzuwa loswa mtengo la m'chigwa, ndicho galu. Galu wa kuno ndi wantchito weniweni, pakuti ndiye mlonda wa khola la mbuzi usiku pamene afisi ayendayenda, ndiye woperekeza abusa kubusa, ndiyenso wopirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda yoyandikana ndi nkhalango za Lengwe, Majete ndi Mwabvi.

Pa ntchito yonseyi malipiro ake ndi ochepa: nkhoko zokokota mumphika, mkute wa dzulo, mitu ya mlamba kapena ya makakana, ndipo tsiku la mwayi fupa la mbuzi loponyedwa pabwalo. Tsono popeza kuponyako kumachitika pamene banja lakhala pamphasa kudya chakudya chamadzulo, ana akukwawa ndi kuthamangathamanga, nkhuku ndi abakha akulimbirana nyenyeswa, nthawi ya chakudya ndiyo imene galu ndi mwana amakumana nkhope ndi nkhope. Apa m'pamene galu amene masana onse amasewera ndi ana mofatsa amasandulika: thupi lonse gwa, mutu waweramira pafupa, mlomo wakwinyika, mano ali poyera, ndipo pakhosi pakutuluka kudzuma, mwana akapitiriza kutambasula dzanja, mano amachita ntchito yake, kulira n'kumveka mudzi wonse.

Zikatere akulu a pakhomo sachedwa kugamula mlandu. Wina amati galuyu ngwaumbombo, wina amati wayamba mwano ndipo akufuna chikwapu, winanso amati galu woluma mwana wa mbuyake sayenera kukhala ndi moyo. Mkwiyo wa kholo ngwomveka, pakuti magazi a mwana sapenyeka. Komabe m'nkhani ino tifuna kunena mosabisa kuti kudzuma kwa galu pa chakudya kumachokera ku mantha akuti alandidwa, kuti chikwapu chimakulitsa manthawo, ndi kuti njira yowachotsera ilipo, yosalira ndalama, imene banja lililonse la ku Chikwawa ndi ku Nsanje lingaithe.

Gwero lake ndi mantha

Cholengedwa chilichonse chidapatsidwa mtima wotchinjiriza chimene chichisunga ndi moyo, ndipo kagalu kamayamba phunziro limeneli kasanatsegule n'komwe maso, pamene kalimbirana bere ndi abale ake, kamphamvu n'kukankha kofooka. Tiagalu tikayamba kudya, eni ake ambiri amathira phala m'phale limodzi kuti tonse tidyere pamodzi. Kofulumira ndi kolusa kamakhuta, kofatsa kamagona ndi njala, ndipo tonse timatulukapo titaphunzira chinthu chimodzi, chakuti woyandikira mbale ndi mdani. Kenaka kagaluko kamaperekedwa kwa mnansi kapena kugulitsidwa kakadali kakhanda, kakafika pakhomo pamene chakudya chake chilibe nthawi, chilibe malo, ndipo chilibe muyeso: lero fupa, mawa palibe, mkuja kudzala kukalimbana ndi agalu a mudzi wonse.

M'chigwa muno njala ya galu imatsata njala ya mbuye wake. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola mbewu ndi ziweto, nathamangitsira mabanja ambiri kumisasa; ndipo anthu asanapume, ng'amba ya 2024 idapsereza minda kotero kuti boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Pa zaka zotere, pamene amayi amalowa m'madzi a ng'ona kukazula nyika kuti ana alaweko kanthu, mumphika simutsala nkhoko, ndipo galu amakhala masiku osaona chakudya cha pakhomo. Amene adaimapo tsiku lathunthu pamzere wa ufa wachithandizo adziwa m'mene dzanja limafumbatira thumba likalandiridwa, ndi m'mene mtima umadumphira wina akaliyandikira. Galu woweramira pafupa lake ali mu mtima womwewo, kungoti iye alibe pakamwa pofotokozera, ali ndi mano okha.

Tisaiwale kuti pali zina zowonjezera moto. Njoka za m'mimba, zimene tiagalu tambiri timabadwa nazo kapena kuyamwira kubere, zimadya chakudya cha galu m'kati, kotero kuti amadya osakhuta. Galu woyamwitsa amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, ndipo akachisowa amalusa ngakhale kwa mbuyake. Wodwala dzino, wa chilonda m'kamwa, wokalamba amene maso ndi makutu zayamba kufooka, onsewa sachedwa kudzidzimuka munthu akawafika mwadzidzidzi. Ndipo aliponso agalu okhuta bwino, a m'mipanda ya ku Nchalo kapena ya paboma, amene amadzuma chifukwa cha chibadwa chawo, makamaka pa chinthu chimene achiyesa chamtengo wapatali, monga fupa laliwisi kapena chikopa.

Galu amachenjeza asanalume

Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo zoonadi palibe galu wamoyo wabwino amene amaluma popanda kuyamba wanena, kungoti chinenero chake n'cha thupi, ndipo ife sitidachiphunzire. Poyamba, munthu akayandikira, amafulumiza kudya, kumeza osatafuna, kapena kunyamula fupa kupita nalo kuseri kwa nyumba. Munthu akayandikirabe, amatembenuka kuti thupi lake litchinge mbale. Kenaka amaleka kutafuna, naima chiimire osagwedezeka, mutu uli pansi, makutu atagonera kumbuyo, akuyang'ana cham'mbali mpaka choyera cha diso kuoneka. Ndipo kuuma thupi kumeneku, ngakhale kulibe phokoso, ndiko chizindikiro choopsa koposa, chimene kholo lililonse liyenera kuchidziwa. Pambuyo pake m'pamene pamabwera kudzuma, kuonetsa mano, kulumira m'malere pafupi ndi dzanja, ndipo potsiriza penipeni kuluma.

Masitepe onsewa ndi pempho limodzi lobwerezedwa mokweza mawu, lakuti mundipatse mpata ndidye. Munthu wamkulu wanzeru akaliona amabwerera m'mbuyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana wa zaka 2 kapena 3 saliona konse, ndipo popeza msinkhu wake ngwofanana ndi wa galu, mano amamupeza kumaso, pakhosi kapena m'manja. Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, motsogozedwa ndi Ilana Reisner, adafufuza nkhani 111 za ana olumidwa ndi agalu, napeza kuti pakati pa ana osakwana zaka 6, ana 44 pa 100 aliwonse adalumidwa pamene galu amatchinjiriza chakudya kapena chinthu china chake. Ngati zili tero ku dziko kumene galu ali ndi mbale yakeyake yodzaza tsiku ndi tsiku, nanga kuli bwanji kwa ife, kumene mwana ndi galu amadyera pabwalo limodzi, mwana ali ndi chibumu cha nsima m'manja?

Chikwapu chimakulitsa bala

Mwambo umene ambiri tidaupeza ngwakuti galu akadzuma amenyedwe mpaka asiye, ndipo ena amaonjeza kumulanda mbale kapena kumukanula pakamwa kuti adziwe mwini khomo. Tiyeni tione chimene galu amaphunzira pamenepo. Iye amaopa kuti munthu woyandikirayo amulanda; munthuyo wafika, wamumenya, wamulandadi. Mantha ake atsimikizika, ndipo mawa adzayamba kulusa munthu akadali patali. Choipa choposa n'chakuti chikwapu chimatha kuletsa kudzuma koma osachotsa mantha, kotero kuti galu amaphunzira kubisa chenjezo lake, makamaka pamaso pa bambo wamphamvu. Tsiku limene bamboyo ali kumunda, mwana n'kuyandikira, galu amaluma osachenjeza, ndipo anthu amadabwa kuti galu wofatsa chotere walowedwa chiyani. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Zimenezi zidayesedwa ndi kulembedwa. Mu 2009 Meghan Herron ndi anzake, a pa yunivesite yomweyo ya Pennsylvania, adafunsa eni agalu 140 za njira zimene adayesa pofuna kuwongola agalu awo. Mwa amene adamenya kapena kuponda galu, 43 pa 100 aliwonse adati galuyo adabwezera ndi ukali. Mwa amene adakanula pakamwa pa galu kuti alavule chinthu, 39 pa 100 adaona zomwezo. Pamene njira zopatsa mphotho, monga kachakudya kokoma, sizidautse ukali kupatula mwa agalu owerengeka.

Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti agalu, monga mimbulu ya ku maiko ozizira imene ili makolo awo, amakhala molimbirana ufumu, ndi kuti mwini galu ayenera kumugonjetsa ndi mphamvu. Koma David Mech, katswiri amene buku lake la mu 1970 lidathandiza kufalitsa ganizoli, atakhala nyengo zambiri akupenyetsetsa mimbulu yakutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, adalemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, la make, tate ndi ana awo. Ngakhale mimbulu ya kuno kwathu, imene idabwezeretsedwa m'nkhalango ya Majete mu 2021, ili ndi khalidwe lodziwika lakuti ikapha nyama imapatsa mpata ana kuti ayambe kudya, akuluakulu atakhala pambali kulondera. Ukulu weniweni, kutchire ngakhale pamudzi, umaoneka m'kudyetsa.

Palinso chikhulupiriro china chimene tiyenera kuchitsutsa poyera, chakuti galu wokhuta salonda ndipo sasaka, choncho amumane chakudya, amumange pa tcheni padzuwa, kuti aluse bwino. Galu wotere amalusadi, koma ukali wake susankha. Wakuba amabwera kamodzi pa chaka, pamene mwana wa pakhomo, mlendo, ndi mayi wodzapala moto amadutsa tsiku lililonse. Mlonda wabwino ndi galu wamphamvu, wodekha, wodziwa anthu ake, amene amauwa mlendo wa usiku chifukwa khomolo amaliyesa lake.

M'mera mpoyamba

John Paul Scott ndi John Fuller, amene adakhala zaka zoposa 10 akulera ndi kuyesa agalu ku Bar Harbor ku America, nasindikiza zimene adapeza mu 1965, adaonetsa kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi masabata 12, pamene kagalu kamaphunzira msanga chimene chili chabwino ndi chimene chili choopsa m'dziko. Chimene kaphunzira pa nyengo imeneyi chimakhazikika, choncho mwini galu wofuna mtendere wa zaka 10 ayenera kugwira ntchito m'miyezi 3 yoyambayi.

Choyamba, kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwane masabata 8, pakuti kwa make ndi kwa abale ake m'kumene kamaphunzira kuchepetsa mphamvu ya mano, ndi kumva chenjezo la galu mnzake. Chachiwiri, tiagalu tikayamba kudya, pa masabata 3 kapena 4, mbale zichuluke kuposa tiagalu, ndipo ziikidwe motalikirana, kuti kofooka kapeze pake ndipo kamphamvu kasaone chifukwa cholimbirana. Mapale, zivundikiro zakale ndi mbale zobooka zimakwanira ntchitoyi. Chachitatu, kadye katatu kapena kanayi pa tsiku, pa nthawi yodziwika ndi pamalo amodzi. Phala la mgaiwa kapena la madeya, lothira usipa kapena matemba osinja, ufa wa soya wophika bwino, kapena msuzi wa nyama, ndi chakudya chokwanira kukalera. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ikuluikulu ya nsomba zipewedwe, chifukwa zimabaya pakhosi ndi m'matumbo. Madzi akumwa akhalepo nthawi zonse, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa m'chigwa kumapyola madigiri 40. Ndipo mlangizi wa ziweto afunsidwe za mankhwala a njoka za m'mimba, amene amayamba kuperekedwa kagalu kakadali ka masabata ochepa, ndi kubwerezedwa monga iye adzalangizire.

Tsono phunziro lalikulu ndi ili: dzanja la munthu lidziwike kwa kagalu ngati dzanja lowonjezera. Kagalu kakamadya, munthu wamkulu adutse pafupi, aponye m'mbale kanthu kokoma kuposa kamene kalimo, kaya ndi kausipa kamodzi kapena kachidutswa ka chiwindi, napitirire ulendo wake osakakhudza. Tsiku lina athire theka la phala, akhale pambali, ndipo kagalu kakamaliza n'kumuyang'ana, awonjezere lotsalalo. Masiku ena akadyetse ndi dzanja. Pakapita masabata angapo, kagalu kakamva mapazi a munthu kamatukula mutu n'kugwedeza mchira, popeza kadziwa kuti kubwera kwa munthu kumadzetsa zabwino. Ena amalangiza kuti mwini azilanda mbale kawirikawiri, kapena kupisa dzanja m'chakudya, kuti kagalu kazolowere. Langizo limeneli likanidwe, chifukwa limabzala mantha omwe tifuna kuwazula. Kupatsa n'kuika, ndipo amene aika kausipa m'mbale ya kagalu lero adzakolola galu wofatsa pakati pa zidzukulu zake.

Galu wamkulu amaphunziranso

Nanga amene galu wake wakula kale ndi khalidweli achitenji? Ayambe ndi kutseka njira ya ngozi, kuphunzitsa kubwere pambuyo. Galu apatsidwe malo ake odyera, kuseri kwa nkhokwe, m'kampanda ka bango kapena m'chipinda chotsekeka, kutali ndi mphasa ya banja, kumene mwana, nkhuku, nkhumba ndi galu mnzake sizifika. Adye kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo ndi bwino adye banja lisanakhale pansi, kuti asazungulire ana ndi njala. Akamaliza n'kuchokapo yekha, m'pamene mbale ichotsedwe. Pakhomo pa agalu awiri kapena atatu, aliyense adyere pakepake posaonana. Kuponya mafupa pabwalo pakati pa ana kulekeke; zotsala zonse zisonkhanitsidwe m'mbale ya galu. Mabanja ambiri akangochita izi zokha amapeza kuti vuto latha, chifukwa galu wodziwa kuti chakudya chake chibwera, ndi kuti palibe womulanda, alibenso chodzumira.

Wofuna kupitirira apo agwiritse nzeru imene Ivan Pavlov wa ku Russia adaionetsa zaka zoposa 100 zapitazo, yakuti galu amalumikiza mu mtima mwake zinthu ziwiri zimene zimabwera motsatana nthawi ndi nthawi. Galu akamadya, munthu wamkulu aime patali pamene galuyo amuona koma osauma thupi, kaya ndi mapazi 5 kapena 10, amulankhule mofatsa, aponye kanyama pafupi ndi mbale, nachoke. Achite zimenezi pa chakudya chilichonse kwa masiku angapo, mpaka galu ayambe kutukula mutu moyembekezera, thupi lili lomasuka. Pamenepo asendere phazi limodzi, nabwereze momwemo. Galu akauma thupi kapena kudzuma, ndiye kuti munthu wafulumira. Asamukalipire, abwerere pamtunda wa dzana, nayambirenso. Ntchitoyi imatenga masabata, kwa agalu ena miyezi, ndipo aliyense wamkulu wa pakhomo ayenera kuichita payekha kuyambira pachiyambi, pakuti galu akhoza kukhulupirira mayi amene amamudyetsa koma n'kumaopabe bambo amene adamumenyapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galu akatola chinthu chosayenera, monga nsomba ya pathandala kapena nyama yakufa yokha, asathamangitsidwe kapena kukanulidwa pakamwa. Mwini atenge chinthu chokoma koposa, amuonetse, achiponye patali, ndipo galu akasiya choyambacho n'kutsata chachiwiri, m'pamene achitole. Akamachita kusinthanitsa kotere kawirikawiri ndi zinthu zazing'ono, akunena mawu amodzi okhaokha monga akuti "siya", galu amafika posiya chinthu ndi mawu okha. Koma tinene motsindika kuti maphunziro onsewa ndi a akulu. Mwana asayesedwe nawo ngakhale kamodzi. Ndipo galu amene adalumapo kale munthu mpaka kutulutsa magazi, kapena amene amachoka pambale kuthamangira munthu, asaphunzitsidwe ndi munthu wosadziwa. Adyere motsekeredwa masiku onse a moyo wake, ndipo mwini akafunse nzeru kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto.

Ana ndi chiwewe

Kwa anzathu a maiko ena kulumidwa ndi galu wa pakhomo kumathera pa chilonda ndi chipsera. Kwa ife kuseri kwa dzino lililonse kuli funso la chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia, kuti pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndi kuti 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wa Dr Macpherson Mallewa ndi anzake, wosindikizidwa mu 2007, adapeza kuti mwa ana 133 amene adamwalira ndi matenda okhudza ubongo, 14 anali ndi chiwewe, ndipo ena mwa iwo poyamba adayesedwa odwala malungo. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, mankhwala palibe. Chipulumutso chonse chili m'maola ndi m'masiku oyamba munthu atalumidwa.

Choncho mwini galu asiyanitse zinthu ziwiri. Galu wodzuma pa chakudya amachita zimenezi pa chakudya pokha, khalidwe lake n'lodziwika kuyambira kale, ndipo akachoka pambale amabwerera mwakale. Galu wachiwewe amasintha mwadzidzidzi: wofatsa amalusa popanda chifukwa, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chopezeka, amayendayenda mosokonezeka, mawu ake amasintha, dovu limachucha, amalephera kumeza, ndipo ena amangofooka n'kulemala chibwano ndi miyendo. Galu wotere asayandikiridwe, ndipo munthu asapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa fupa. Anthu a m'mudzi achenjezedwe, ndi a zaziweto adziwitsidwe msanga.

Koma kaya galu waluma pa chakudya kapena pena paliponse, chochita n'chimodzi. Chilonda chitsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Chisapakidwe tsabola, dothi, phulusa kapena ubweya wa galuyo, ndipo chisamangidwe mothina. Wolumidwayo apite tsiku lomwelo ku chipatala chapafupi, kapena ku zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje, kuti achipatala aone ngati afunika katemera, ndipo akayamba kulandira jakisoni amalize onse monga alangizidwa. Galu wooneka wathanzi asaphedwe mwaukali. Amangidwe pamalo otetezeka, apatsidwe chakudya ndi madzi, ndipo ayang'aniridwe masiku 10 mothandizana ndi mlangizi wa ziweto, pakuti galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku lolumalo amadwala kapena kufa m'masiku amenewa. Kuyang'anira galuko kusachedwetse ulendo wa kuchipatala.

Chishango chachikulu ndi katemera wa agalu. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 aliwonse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa. Bungwe la Mission Rabies, pogwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidaonetsa mu 2015 kuti zimenezi n'zotheka pa Malawi pano, pamene lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Apa m'pamene nkhani ya mbale ikumananso ndi nkhani ya katemera: galu amene amakhulupirira dzanja la mbuyake amagwirika, amamangika chingwe, ndipo amayenda naye kupita kumalo obayira, pamene galu woleredwa ndi chikwapu amathawira kutchire tsiku la katemera, nakhala khomo lolowera matenda m'mudzi.

Ana nawonso aphunzitsidwe malamulo ochepa osavuta kusunga, kunyumba, kusukulu ndi ku Sande sukulu: galu akamadya, akamatafuna fupa, akagona, kapena akakhala ndi ana ake, asayandikiridwe, chakudya chikagwa pansi galu n'kuchitola, chapita, mwana akauze mayi, galu akadzuma, mwana aime, manja apinde pachifuwa, asakuwe kapena kuthamanga, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, anene msanga osaopa kukalipiridwa. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani, ndipo mwana woyenda ndi chakudya m'manja akhazikidwe pamphasa pafupi ndi wamkulu.

Mawu kwa eni agalu ndi atsogoleri

Sitikunena kuti banja limene likusowa ufa wa ana liyambe kuphikira galu nyama. Tikunena kuti munthu asunge agalu amene angathe kuwadyetsa, mmodzi wokhuta m'malo mwa anayi anjala. Kuti afunse a zaziweto za kufula agalu aamuna ndi kutseketsa aakazi, kuti tiagalu tosafunika tisachuluke kudzala. Ndi kuti chochepa chimene chilipo, kaya ndi madeya a kuchigayo, chiperekedwe pa nthawi yake, pamalo ake, ndi mwamtendere. Chilungamo cha munthu chimaonekanso m'mene asamalira moyo wa chiweto chake, ndipo wantchito amene amalonda khola usiku wonse ayenera kudya gawo lake popanda kuopa ndodo.

Tipempha mafumu a m'chigwa, kuyambira kwa a Lundu, a Ngabu, a Tengani ndi a Mlolo mpaka kwa anyakwawa a m'midzi, kuti polengeza tsiku la katemera wa agalu alengezenso mawu awa. Tipempha aphunzitsi, abusa a mipingo, alangizi a zaumoyo ndi a zaziweto kuti pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse, aphunzitse ana kuwerenga thupi la galu. Ndipo inu mwini galu, yambani madzulo ano: m'patseni mbale yake kuseri kwa nkhokwe, itanani ana akhale pamphasa, ikani chikwapu pansi, ndipo katemera akalengezedwa m'dera lanu, m'mangeni chingwe mupite naye.